Simbi yamakala yakale: kuichotsa dzimbiri n'kuikhazika pabalaza

Simbi yamakala imene ili pabalaza panga ndinaipeza pa mulu wa zitsulo zakutha, kufupi ndi msika wa pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Inali pakati pa malimu a njinga opindika, mbaula zobooka ndi makasu otha, ikudikira kukwera sikelo kuti igulitsidwe pa kilo. Chimene chinandiimitsa ndi katambala kachitsulo kaja kotsekera chivundikiro, katasuzumira pamwamba pa muluwo. Bambo anga anali nayo yoteroyo. Lamlungu lililonse madzulo ankaima pakhonde n'kumaigwedeza uku ndi uku kuti makala akolere, phulusa likuuluka, kenako n'kuyamba aiyesa pa chiguduli asanakhudze yunifolomu zathu.

"Achimwene, simbi iyo mukuti bwanji?"

"Imeneyo ndi yakutha, mayi. Ili ndi mng'alu kunsi, ikuwotcherani zovala."

"Ndikuifuna ndi mng'alu wake womwewo."

Anandiyang'ana kawiri, koma tinamvana mtengo. Zimene ndinachita nayo kuchokera tsiku limenelo ndi zimene ndalemba pano. Pa ntchito yonseyi gwirani mfundo imodzi: mukuchotsa dzimbiri lokha, osati ukalamba wa chinthucho. Simbi yopalidwa ndi galayinda n'kupakidwa penti wasiliva imangofanana ndi chidole cha m'sitolo. Zipsera za moto, chogwirira chimene chinasalala ndi thukuta la m'manja, mbali imene inaperepeseka chifukwa chokhazikidwa pansi zaka zambiri, zimenezo ndiye mukufuna mlendo azione.

Kusankha

Tauni ino ndi yakale pa malonda. Njanji inafika kuno mu 1935, ndipo m'makomo ambiri mudakali zitsulo zimene zinagulidwa agogo athu ali anyamata: simbi, masikelo, miyendo ya makina osokera, nyali zagalasi. Yambani kwa ogula zitsulo zakutha, kwa okhoma zidebe ndi kwa matelala achikulire a m'makonde a masitolo. Ngati simbiyo ili kumudzi kwa agogo, musangoinyamula chifukwa mwaipeza ili kuseri kwa nkhokwe. Pemphani, ndipo amalume ndi azakhali adziwe. Katundu wa malemu amayambanitsa abale ngakhale atachita dzimbiri.

Ine ndimati yabwinobwino muisiye. Simbi yamagetsi ndi yakale ndithu, Henry Seeley anailembetsa ku New York mu 1882, koma mpaka lero makomo ambiri a m'boma lino amasita ndi makala, ndipo ngakhale kumene kuli magetsi, akathima anthu amabwerera ku yamakala. Kusita kuno sikungofuna kutchena. Ntchentche ija yobweretsa mphutsi za pakhungu imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa zoyanikidwa, ndipo kutentha kwa simbi ndi kumene kumapha mazirawo. Choncho simbi yosalala kunsi, yotseka bwino, ili ndi ntchito pakhomo pa wina. Inu funani yopuma pantchito: yang'alu kunsi, yokumbika, yosowa kachitsulo kamabowo koyalapo makala. Pashelefu zolakwika zimenezo sizioneka, komanso mtengo wake umatsika. Musanayambe kunenerera, funsani mtengo wa chitsulo pa kilo tsiku limenelo ndi mtengo wa simbi yatsopano m'sitolo. Wanu ukhale pakati pa iwiriyo.

Inyamuleni. Yakale yeniyeni imalemera, makilogalamu 2 kapena 3, ndipo makoma ake ndi ochindikala. Tengani maginito a sipika ya wailesi yakufa muyese thupi lake ndi katambala. Pamene maginito agwira ndi chitsulo. Pamene akana, ndipo mukakanda ndi msomali pakuoneka chikasu, ndi mkuwa, ndiye mwachita mwayi chifukwa mkuwa suchita dzimbiri lofiira lija. Onani hinjesi yakumbuyo: ikhale yolimba ndi dzimbiri palibe kanthu, bola isakhale yothyoka. Ngati pachivundikiro pali manambala kapena zilembo, muziteteze pa ntchito yonse.

Kumasula ndi kutsuka

Gwirirani ntchito panja, pamthunzi, ana ali patali. Valani magolovesi ngati muli nawo. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'zonyansa zomata pa zitsulo zoterezi, ndipo timalowera pa bala. Mukadzicheka, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, mupite kuchipatala tsiku lomwelo akaone za katemera.

Chivundikiro chikakana kutseguka, nyundo ikhale kutali. Chitsulo cha simbi ndi chija chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Ncholimba koma sichipindika, chimangosweka ngati mbale yadothi, ndipo owotcherera ambiri amavutika kuchilumikiza. Donthezani palafini pa hinjesi ndi pa katambala m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri kapena atatu, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi kamtengo. Tsiku lina mudzangomva chalira n'kusuntha. Chitsegulenitseguleni mpaka chifewe.

Mkati mupeza phulusa lowuma gwa ngati simenti. Likokoteni lonse ndi supuni yakale kapena sikuludalaivala, makamaka m'makona ndi m'timabowo ta m'mbali, chifukwa phulusa limasunga chinyontho ndipo dzimbiri limayambira pansi pake. Masulani chogwirira chamtengo muchiike padera, timasikuluwu take m'kachitini. Chikakana kumasuka musachikakamize, mudzangosamala kuti chisamire m'madzi. Kenako tsukani simbi yonse ndi sopo waufa ndi madzi otentha. Palafini achoke yense, apo ayi viniga sadzafika pa chitsulo.

Ngati wina anaipakapo penti kale, palani pentiyo ali wonyowa, mutamanga kansalu kukamwa ndi mphuno. Penti wina wakale ali ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa kwa ana ndi amayi oyembekezera.

Viniga, ndi maso anu pa wotchi

Apa ndi pamene simbi zambiri zimawonongekera. Tengani beseni kapena ndowa yapulasitiki, osati yachitsulo. Sakanizani viniga woyera wa m'golosale ndi madzi muyezo wofanana, botolo limodzi la viniga, botolo limodzi la madzi, mpaka simbi imire. Mukafuna kusunga viniga, dulani chigubu cha malita 5 pakati. Simbi imakwanamo bwino ndipo sipatsala malo ambiri odzaza.

Pakatha maola awiri itulutseni, muikweche ndi bulashi ya waya pansi pa madzi. Dzimbiri lapamwamba liyamba kusungunuka ngati thope lofiira. Ikafunabe, ibwezereni, ndipo muziiona maola atatu kapena anayi alionse. Yadzimbiri kwambiri ingafune kugonamo usiku umodzi, koma isapitirire maola 24. Viniga sasiyanitsa dzimbiri ndi chitsulo chabwino. Akamaliza loyambalo amalowa chachiwiricho.

Izi ndinaziona ndi maso anga pa simbi ya apongozi anga. Ndinaiviika Lachinayi m'mawa, masana kunabwera uthenga wa maliro ku Chipoka, ndipo ndinabwerako Lamlungu. Madzi anali akuda, akuchita thovu. Nditaitulutsa, pamwamba pake panali pofewa moti chikhadabo chinkasiya mzere, chala n'kuda ngati ndagwira mtima wa pensulo. Zilembo za pachivundikiro zinali zitafufutika, thupi lonse tizibowo ngati chulu cha chiswe. Apongozi sananene kanthu, anangoisisita ndi chala pamene panali zilembo paja. Kuyambira pamenepo, ndikadziwa kuti ndichokapo, ndimayamba ndaitulutsa.

Asidi wa batire la galimoto musayerekeze n'komwe. Amawotcha khungu, amachititsa khungu akagwera m'maso, ndipo chitsulo amachidya.

Lekani kukwecha pamene kufiira kwatha ndipo chitsulo chikuoneka chotuwa moderako. Mawanga akuda ndi timaenje takale tisiyeni. M'makona ndi mozungulira zilembo gwiritsani ntchito mswachi wakale ndi sitiliwulu wotsukira mapoto, mopepuka.

Katambala kakakhala kamkuwa, kali ndi mankhwala ake amene kuno sitisowa: bwemba. Viikani bwemba wakupsa m'madzi ochepa, mufinye kuti achite phala, thiranimo kamchere, pakani, dikirani mphindi 10, kwechani ndi mswachi n'kutsukuluza. Musakawalitse monse. Lipombo ndi mapiko ziwale, koma m'mizere ya nthenga mutsale mdima kuti kaoneke maonekedwe ake.

Mukangomaliza, imizeni simbi kwa mphindi 15 m'madzi osungunuliramo soda, yemwe uja timathira mu therere, masupuni aakulu awiri pa lita imodzi. Soda amapha ukali wa viniga wotsalira m'timaenje. Tsukuluzani, pukutani ndi chisanza, ndipo musachedwe. Chitsulo chongotsukidwa kumene chimayamba kufiira muli chiyang'anire. Ikhazikeni pa mbaula ya makala otsala mutaphika nsima, kwa mphindi 20, kuti madzi a mu hinjesi ndi mu mng'alu aphwe onse.

Kuidetsa ndi mafuta pa moto

Gawo ili ndi limene ndimalikonda, ndipo ndi limene limapatsa simbi nkhope yake. Tikufuna kuda kuja kwa chiwaya cha tchipisi chimene chagwira ntchito zaka zambiri, kuda kolowerera, kosanyezimira ngati penti. Kuda kumeneko ndi mafuta ophikira amene anapsa n'kuuma, n'kusanduka khungu lolimba lotchinga mpweya ndi chinyontho.

Simbi ikadali yofunda, moti mungathe kuigwira ndi nsalu, donthezani mafuta ophikira pa kansanza, a soya, a mpendadzuwa kapena a mtedza, theka la kasupuni kakang'ono basi. Pakani paliponse, kunja, mkati, kunsi kwa chivundikiro, m'timabowo. Kenako tengani chisanza china chouma mupukute ngati mukufuna kuwachotsa onse. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Amaganiza kuti mafuta ambiri ndiye chitetezo chambiri, koma mafuta ochuluka sauma, amangochita nthata zomata, ndipo fumbi la mwera likabwera limakakamira pamenepo.

Ibwezereni pa mbaula, moto wapakatikati, chivundikiro chili chotsegula. Posakhalitsa iyamba kufuka utsi wopyapyala wonunkhira ngati pokazingira zitumbuwa. Muziitembenuza ndi pulayala kuti mbali zonse zilandire moto. Utsi ukaleka, ichotseni muikhazike pa njerwa youma izizire yokha. Musaithire madzi, ingang'ambike, ndipo ngati ili ndi mng'alu kale ungapitirire. Itazirala pang'ono, bwerezani: kupaka, kupukuta, kuwotcha. Ulendo woyamba imaoneka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, wachiwiri imadera, wachitatu kapena wachinayi imada bii. Yanga ndinaizungulira kanayi, masana onse a Loweruka, ndipo pa ulendo wachitatu ndi pamene nambala 8 ya pachivundikiro inatulukira bwinobwino.

Ngati chogwirira chinakana kumasuka, simungaiike pa moto waukulu choncho. Njira yanu ndi phula la njuchi, kapena kandulo yoyera phula likasowa. Iyanikeni padzuwa la masana mpaka itenthe. Dzuwa la Okutobala kuno limakwanira lokha. Pakani phulalo lisungunukire m'chitsulo, dikirani lizizire, n'kupukuta mwamphamvu ndi nsalu. Polishi wakuda wa nsapato amagwiranso ntchito yomweyi. Oyilo wakutha wa galimoto ayi: amanunkha, sauma, ndipo si chinthu chosunga m'nyumba mopumira ana. Vanishi nayenso sindimulimbikitsa pa chitsulo, chifukwa dzimbiri likayambira pansi pake amasupuka ngati khungu la njoka, ndipo muyenera kuyambiranso ntchito yonse.

Chogwirira

Chipukuteni ndi nsalu yonyowa pang'ono ya sopo, chiume pamthunzi. Sandipepa akhale wosalala kwambiri, ndipo mungochotsa zobaya m'manja. Pamene panada ndi dzanja la mwini wake musapakhudze. Mukaona timabowo ta anankafumbwe a mitengo, donthezanimo palafini, mudikire sabata. Pomaliza pakani phula kapena polishi wopanda mtundu. Chogwirira chikakhala kuti chinapseratu, kalipentala kapena osema ziboliboli a pa msewu wa ku Senga Bay angakusemereni china. Apatseni chakalecho ndi simbi yomwe kuti ayeze mabowo, ndipo muwauze kuti asapake vanishi.

Pokhala pake

Simbi yakuda pa shelefu yonyezimira ya m'sitolo imaoneka ngati mlendo wosochera. Imafuna thabwa limene nalonso linaona masiku. Funsani kwa akalipentala zidutswa za zitseko kapena mafelemu akale a mlombwa kapena mbawa. Musadulitse mtengo watsopano chifukwa cha kashelefu, mitengo imeneyi yatsala yochepa m'nkhalango zathu. Langa ndi chidutswa cha bwato losweka chimene msodzi wina wa ku Senga Bay ankafuna kuwaza nkhuni. Mbali imodzi chidakali ndi kachigamba ka lata ndi timisomali take, ndipo mbali imeneyo ndi imene ndinayang'anitsa kutsogolo.

Thabwa likhale lotalika masentimita 35, mulifupi 18, kuchindikala 3 kapena kuposerapo. Litsukeni ndi bulashi, liume sabata yathunthu pamthunzi, onetsetsani kuti mulibe chiswe, lipaleni pang'ono pamwamba, lipakeni phula. Owotcherera akupangireni tizitsulo tiwiri topindika ngati L togwiriziza kunsi, ndipo mungatidetse ndi mafuta pa mbaula monga munachitira simbi.

Pokhoma, kumbukirani kulemera kwake. Simbi ikagwa kuchokera pamwamba ingaphwanye phazi kapena mutu wa mwana. Boolani mu njerwa yeniyeni, osati mu mzere wa matope kapena simenti wa pakati pa njerwa. Lowetsani mapulagi apulasitiki kapena zikhomo za mtengo wouma, n'kumanga ndi masikuluwu a mainchesi atatu. Musanaikepo simbi, kolekani ndowa ya madzi malita 10 pa shelefuyo usiku wonse. Ikapirira, ndiye kuti yagwira. Khoma la zidina kapena nyumba ya lendi musavutike nazo, ikani simbi pa kabati kapena pa mtondo wakale wovundikira pakona. Kulikonse kumene mwaiika, pansi pake yalani kachidutswa ka mkeka wa mlaza kuti isadetse thabwa, ndipo ngati m'nyumba muli ana aang'ono, imangeni ndi kawaya kuchokera pa hinjesi kupita ku sikuluwu ya kukhoma. Pewani khoma limene limanyowa nthawi ya dzinja ndi pafupi ndi zenera lolowa mvula.

Choikamo

Ingathe kukhala yokha, yotseka, ndipo imakwana. Koma mukatsegula chivundikiro n'kuchiimika ndi kamtengo, mkati mwake mumasanduka malo oikamo zouma. Chimene chimandikomera kwambiri ndi thonje. Nthawi yokolola, cha mu Juni, pemphani mlimi nthambi zitatu zimene thonje lake latseguka bwino, muchotse masamba, muziimike mkatimo ndi timiyala ta kunyanja. Kuyera kwa thonje pa chitsulo chakuda kumaoneka munthu akadali pakhomo. Thonje limapoperedwa mankhwala kumunda, choncho sambani m'manja mukaligwira ndipo ana asaliseweretse. Ngala za mpunga wa ku Lifuwu nazonso zimakongola mukaziyanika chozondotsa pamthunzi masabata awiri, kungoti zimaitana makoswe. Maluwa a bango alibe vuto limenelo.

Maluwa amoyo ndi dothi lonyowa musaike mwachindunji, mubweza dzimbiri lonse m'mwezi umodzi. Mukafunitsitsa, dzalani m'botolo lapulasitiki lodula, muzilitulutsa pothirira.

Yanga madzulo imakhala nyali. Ndinagula katochi kakang'ono kotchajira pa sola, ndinakakulunga ndi pepala lapulasitiki lofiirira la maswiti, n'kukaika mkati, chivundikiro n'kutseka. Kuwala kumatulukira m'timabowo ta m'mbali ndi m'mano a chivundikiro, n'kugwera pakhoma ngati muli makala amoto. Mng'alu uja achimwene ankandichenjeza nawo umajambula kamzere kofiira pa mkeka. Kandulo musaikemo: imatenthetsa chivundikiro ndi chogwirira, ndipo pafupi ndi thonje, makatani kapena denga laudzu ndi ngozi.

Chinthu china chaching'ono chimene ndimapempha aliyense achite. Lembani pa kapepala zimene mukudziwa za simbiyo, mwini wake woyamba ngati akudziwika, mudzi wake, kumene munaipeza ndi chaka, mukapinde m'kapulasitiki n'kukamata kunsi kwa shelefu. Agogo akadalipo, afunseni lero, mulembe m'mawu awo omwe.

Kuno kufupi ndi nyanja chinyontho sichisowa, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo. Fumbi muzichotsa ndi nsalu youma, osati yonyowa. Mvula yoyamba isanagwe, mu Novembala, itsitseni, muiyanike padzuwa ola limodzi, muipake phula mopyapyala, dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa hinjesi ndi lina pa katambala. Mubwerezenso mu Meyi mvula ikatha. Kadontho kofiira kakaoneka pakati pa nyengo ziwirizi, kapukuteni ndi sitiliwulu wouma tsiku lomwelo, mupakepo phula ndi chala, simbi ibwerere pamalo pake.